Ku Jeju miyala ili ndi maina: ulendo pa zilumba za nthano za ku Korea

Kum'mwera kwa dziko la South Korea, pa mtunda wa makilomita oposa 80 kucokera kumtunda, kuli cilumba cochedwa Jeju. M'litali mwake ndi makilomita 73, m'lifupi 31, ndipo anthu okhalapo ndi pafupifupi 700,000. Koma m'caka ca 2024 cokha cilumbaci cinalandira alendo oposa 13 miliyoni. Ambiri amabwera pa ndeke kucokera ku Seoul, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zocepa, kudzaona phiri, mathithi ndi magombe.

Pafupifupi pamalo aliwonse pamene alendowo amaima pali cikwangwani cofotokoza nthano ya pamalopo. Wowerenga ali ciimire, basi ikumuyembekezera, angayese kuti ndi nthano zogonekera ana. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi akazimvetsera bwino adzapeza kuti zikukamba nkhani zimene iye azidziwa kale: njala, mbewu, malire a minda, ng'ombe yolimira, ndi mayi amene akudyetsa banja ndi thukuta lake.

Miyala, mphepo ndi akazi

Jeju ndi cilumba cimene cinapangika ndi ciphalaphala ca moto cocokera pansi pa nthaka. Pakati pake pali phiri la Hallasan, lotalika mamita 1,947, ndipo m'dziko lonse la South Korea mulibe lina loliposa. Kuzungulira phirili kuli timapiri ting'onoting'ono toposa 360 timene eni dziko amatichula kuti oreum.

Nthaka ya kumeneko ndi yakuda, yopepuka ndiponso yodzala miyala. Mvula imagwa yambiri, koma madzi sakhalitsa pamwamba, amalowa pansi n'kukatulukira m'akasupe a m'mbali mwa nyanja. N'cifukwa cake midzi yakale inamangidwa m'gombe, ndipo akazi ankabereka mitsuko kumsana potunga madzi. Mpunga, umene ndiwo cakudya ca Akorea, sunali kucita bwino kumeneko. Anthu ankadalira balere ndi mawere. Akafesa mawere ankalowetsa akavalo m'munda kuti apondeponde nthaka, kuopa kuti mphepo ingaulutse mbewu.

Akorea amati Jeju ndi cilumba ca zinthu zitatu zoculuka: miyala, mphepo ndi akazi. Miyalayo alimi anaizula m'minda n'kuisanja m'mipanda, popanda matope kapena simenti, kusiya mipata yoti mphepo izipyolamo osagwetsa mpanda. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1200 mkulu wina wa boma, Kim Gu, ndiye analamula kuti mipanda yotere ikhale malire, cifukwa anthu amphamvu ankalanda pang'onopang'ono minda ya osauka. Mipandayi, yochedwa batdam, mukailumikiza yonse ipitirira makilomita 22,000, ndipo mu 2014 bungwe la FAO linaiika pa mndandanda wa cuma ca ulimi ca dziko lonse lapansi.

Ambuya amene anaumba phiri

Nthano yaikulu ya pacilumbapo ndi ya Seolmundae Halmang. Liu lakuti halmang litanthauza ambuya. Akuti ambuyawa anali cimphona, moti akagona ankatsamira mutu pa Hallasan, mapazi ali m'nyanja. Iwo ndiwo anatuta dothi m'siketi yao n'kuunjika phirilo. Koma siketiyo inali yakutha, yobookabooka, ndipo dothi limene linkatayika m'njira ndilo linasanduka timapiri tija. Taonani apa: mulungu wa anthu osauka nayenso anali wosauka.

Tsiku lina ambuyawo anauza anthu kuti akawasonkhera mipukutu 100 ya silika yosokera covala ca m'kati, adzawamangira ulalo wofika kumtunda. Anthu anasesa m'nyumba zonse, koma inapezeka mipukutu 99. Covala sicinathe, ulalonso unasiyidwa panjira. Ku gombe la Jocheon, kumpoto kwa cilumbaci, kuli miyala yolowa m'nyanja imene amati ndi pamene nchitoyo inalekezera. Kuti timve kulemera kwa nthanoyi tiyenera kudziwa kuti mafumu a ku Korea ankagwiritsa nchito Jeju ngati malo opitikitsirako anthu owalakwira, ndiponso kuti kuyambira mu 1629 boma linaletsa anthu a pacilumbapo kusamukira kumtunda kwa zaka pafupifupi 200. Anthu otsekeredwa motero sakanalephera kulota ulalo.

Wokwera phiri kudzera njira ya Yeongsil, kum'mwera cakumadzulo, amaona matanthwe ambirimbiri oima ngati anthu. Amawachula kuti Akazembe 500. Nthano imati m'caka ca njala ambuya aja anali ndi ana aamuna 500. Anawo atapita kukafuna cakudya, mai wao anateleka nkhali yaikulu ya phala, ndipo pamene ankatakasa anaterereka n'kugweramo. Ana pobwera, njala itawapweteka, anadya phalalo n'kumati lero lakoma koposa masiku onse. Wotsiriza ndiye anapeza mafupa pansi pa nkhali. Anathawa akulira mpaka ku kacilumba ka Chagwido, kumadzulo, kumene anasanduka mwala. Abale ake anauma pomwepo paphiri. Maluwa ofiira amene amakuta phirilo mu May ndi June akuti ndi misozi yao.

Ndi nthano yowawa, ndipo palibe amene angaipeke asanaonepo njala. Paki ya miyala yochedwa Jeju Stone Park, imene inatsegulidwa mu 2006, inamangidwa potsata nthano imeneyi.

Pamwamba pa Hallasan pali cigwa cokhala ndi dziwe lochedwa Baengnokdam, kutanthauza dziwe la mbawala yoyera. Apa nthano yake ndi yoseketsa. Akuti mlenje wina anaphonya nyama, muvi n'kukalasa mfumu ya kumwamba m'matako. Mfumuyo pokwiya inazula nsonga ya phiri n'kuiponya kutali, ndipo pamene inagwera ndiye phiri la Sanbangsan, la mamita 395, limene laima lokha m'mbali mwa nyanja. Akatswiri a miyala amati Sanbangsan ndi lakale kwambiri kuposa nsonga ya Hallasan, koma woona maonekedwe a mapiri awiriwa amamvetsa cimene cinacititsa makolo kuganiza motero.

Maenje atatu ndi bokosi la mbewu

Pakati pa mzinda wa Jeju, m'kankhalango ka mitengo yakale, pali maenje atatu ochedwa Samseonghyeol. Mlendo woyembekezera zodabwitsa akhoza kukhumudwa, cifukwa ndi timaenje cabe pa kapinga wochingidwa. Koma kwa eni dziko apa ndi pamene mtundu unayambira. Akuti m'maenjemo munatuluka amuna atatu, makolo a mabanja a Go, Yang ndi Bu. Iwo ankavala zikopa ndi kudya nyama ya uzimba, kulima sankakudziwa.

Tsiku lina nyanja inalavula bokosi ku gombe la kum'mawa. M'katimo munali ana aakazi atatu a mfumu ya dziko lochedwa Byeongnang, pamodzi ndi ana a ng'ombe, ana a akavalo ndi mbewu za mitundu isanu. Ukwati unacitikira pa dziwe la Honinji, m'mudzi wa Onpyeong, limene alendo amakaliona mpaka lero. Pambuyo pake amunawo anaponya mivi, ndipo aliyense anatenga dera limene muvi wake unagwera. Maina a maderawo, Ildo, Ido ndi Samdo, akali maina a zigawo za mzindawo. Umu ndimo unayambira ufumu wa Tamna, umene unakhalapo mpaka pamene mafumu a Goryeo anausandutsa cigawo ca dziko lao mu 1105. Zidzukulu za mabanja atatuwa zimasonkhanabe pa maenjewo mu April ndi mu October kudzalemekeza makolo.

Mfundo yakuti ulimi unabwera ndi mkazi imamvekanso m'mudzi wa Songdang, kumene kuli kacisi amene amamuyesa kholo la akacisi ambiri a pacilumbapo. Nthano ya kumeneko imati mkazi wochedwa Baekjutto anakwatiwa ndi mlenje, Socheonguk. Ana ataculuka, mkaziyo anauza mwamuna kuti asiye uta agwire pulawo. Tsiku lina munthu wodutsa anamudyera cakudya cimene anabwera naco kumunda. Njala itamuwawa, Socheonguk anapha ng'ombe yolimira n'kuidya yonse, ndipo posakhuta anadyanso ng'ombe ya mwini imene inali kudya msipu pafupi. Mkaziyo anati kudya ng'ombe yako ndi nkhani ina, koma kudya ya mnzako ndi umbava, ndipo ukwati unathera pomwepo. Ana ao, aamuna 18 ndi aakazi 28, anabalalika n'kukhala milungu ya midzi yosiyanasiyana.

Palinso Jacheongbi, mtsikana amene anatsika kumwamba ndi mbewu. Atafika pansi anapeza kuti waiwala mtundu umodzi, mbewu yochedwa memil, ndipo anabwerera kukaitenga. N'cifukwa cake, akutero eni nthano, mbewuyi imafesedwa mocedwa koma imakololedwa pamodzi ndi zinzake. Zoona zake n'zakuti memil imakhwima msanga ndipo imapirira nthaka yosauka, motero inkapulumutsa mabanja mbewu zina zikakanika. Jeju ndi limodzi mwa madera amene amalima memil wambiri m'dziko lonselo, ndipo minda yake ikacita maluwa oyera alendo amadzazana kudzajambula zithunzi.

Masiku a ambuya a mphepo

Anthu a ku Jeju amati cilumba cao cili ndi milungu 18,000. Amene amaopedwa kwambiri ndi asodzi ndi Yeongdeung Halmang, ambuya a mphepo. Akuti amafika pa tsiku loyamba la mwezi waciwiri pa kalendala yowerengera mwezi wakumwamba, ca mu February kapena March, polowera ku mudzi wa Gwideok, ndipo amacoka pa tsiku la 15 kudzera pa kacilumba ka Udo. M'masiku amenewa amayenda m'magombe kufesa mbewu za nkhono ndi ndiwo za m'nyanja. Kale pa nyengoyi panalibe wokankhira bwato m'madzi. Mukaona bwino, iyi ndi nyengo imene mphepo imasinthasintha ndipo nyanja imaopsa, motero mwambowo unkasunga miyoyo.

Mwambo wolandira ndi kutsazika ambuyawa umacitika pa kacisi wa Chilmeoridang mumzinda wa Jeju, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2009. Pamwambowo amawaza mawere monga wofesa m'munda, kupempha kuti nyanja ibale. Kwa anthu amenewa nyanja ndi munda, ndipo olima mundawo ndi akazi ochedwa haenyeo.

Akaziwa amalowa pansi pa nyanja mpaka mamita 10 popanda botolo la mpweya, kukazula nkhono ndi ndiwo za m'madzi. Akatumphuka amatulutsa mpweya ndi kamluzu kochedwa sumbisori, kamene anzao akakamva amadziwa kuti mnzathu ali moyo. Mudzi uliwonse uli ndi dera lake la m'nyanja, nyengo zotsekera, ndi lamulo loletsa kutola nkhono zazing'ono. Mu 1932 akazi amenewa anatsogolera zionetsero zazikulu zotsutsa atsamunda a ku Japan, amene ankawabera pa sikelo ndi pa mitengo ya katundu wao. Mbiri imeneyi ikusungidwa m'nyumba ya zakale ya haenyeo m'mudzi wa Hado. UNESCO inaika nchito yao pa mndandanda wake mu 2016. Alendo ambiri amawaonera m'munsi mwa Seongsan Ilchulbong, phiri la mamita pafupifupi 180 limene linaphulika m'nyanja zaka 5,000 zapitazo, kumene anthu amakwera m'mamawa kukaona dzuwa likutuluka.

Akacisi amene anapsa

Kacisi wa ku Jeju kawirikawiri si nyumba. Ndi mtengo waukulu wozingidwa ndi mpanda wa miyala, nthambi zake zitamangidwa tinsalu ndi mapepala oyera. Malo amenewa aona zambiri. Mu 1702 bwanamkubwa Yi Hyeong-sang, wotsata ciphunzitso ca Confucius, anatentha akacisi 129 ndi kulamula otsogolera miyambo kuti akagwire khasu. Iye sanakhalitse paudindo, ndipo atacoka anthu anabwerera ku mitengo yao. M'zaka za m'ma 1970 boma, pa nchito yake yotukula midzi yochedwa Saemaul, linalimbananso ndi akacisi ponena kuti ndi zamasiku a umbuli.

Pakati pa nthawi ziwirizi pali caka ca 1901. Pa nthawiyo Akatolika ena atsopano ankathandiza wokhometsa misonkho wocokera ku likulu, ndipo ena anadula mitengo ya pa akacisi. Anthu, amene misonkho inali itawatopetsa kale, anaukira motsogozedwa ndi Yi Jae-su, ndipo Akatolika mazana angapo anaphedwa. Manda ao ali ku Hwangsapyeong. Yi Jae-su nayenso ananyongedwa ndi boma. Panapita zaka zoposa 100 kufikira mu 2003, pamene dayosizi ya Jeju ndi oimira mbali ya oukirawo analengeza pamodzi mau a ciyanjano, mbali iliyonse ikuvomera kulakwa kwake. Wodula mtengo wa pa kacisi ankaona mtengo cabe, pamene mwini mudzi ankaona malo amene amai ake ankakalirirako mwana akadwala.

Zimene cikwangwani sicifulumira kunena

Ku Seogwipo, mzinda wa kum'mwera, kuli mathithi a Jeongbang, amene madzi ake amagwa mamita 23 kulunjika m'mphepete mwa nyanja. Nthano imati Seo Bok, mtumiki wa mfumu yoyamba ya China, Qin Shi Huang, anafika pamenepa pofunafuna mankhwala oletsa imfa. Atalephera kuwapeza analemba pa thanthwe kuti anadutsapo, n'kubwerera kumadzulo, ndipo ena amati dzina la mzindawo linacokera pamenepo.

Koma pamalo okongola omwewo panaphedwa anthu ambiri. Pa 3 April 1948 pacilumbapo panabuka kuukira, ndipo asilikali ndi apolisi pokuthetsa anatentha midzi yambiri ya m'mbali mwa phiri. Lipoti la boma la mu 2003 linati anthu amene anafa anali pakati pa 25,000 ndi 30,000, ndiko kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse a pacilumbapo. Ambiri anali alimi wamba, okalamba ndi ana. Ena anawomberedwa pamwamba pa mathithi a Jeongbang, ena m'munsi mwa phiri la Seongsan. Kwa zaka makumi angapo kukamba nkhaniyi kunali kuitana tsoka, ndipo malo amodzi amene maina a akufa ankachulidwa mokweza anali pa miyambo ya mizimu. Pulezidenti Roh Moo-hyun anapepesa m'dzina la boma mu 2003. Mlendo amene waona mathithi acita bwino kukaonanso paki ya cikumbutso ya April 3, kumene maina a ophedwa analembedwa mudzi ndi mudzi.

Njira ya m'nyanja ku Jindo

Si Jeju yokha imene ili ndi ambuya ake. Kumpoto kwake, pafupi ndi ngodya ya kum'mwera cakumadzulo kwa dziko la kumtunda, kuli cilumba ca Jindo. Kumeneko, masiku owerengeka pa caka, makamaka pakati pa March ndi May, madzi a m'nyanja amaphwera kwambiri mpaka kuonetsa njira ya mcenga ndi miyala ya makilomita pafupifupi 3, yocokera pa mudzi wa Hoedong kufika pa kacilumba ka Modo. Njirayo imakhala poyera kwa ola limodzi cabe. Cimene cimacititsa ndi mphamvu ya mwezi ndi dzuwa yokoka madzi, imene imakula zikakhala pa mzere umodzi ndi dziko, pamodzi ndi mtumbira wa mcenga umene mafunde anaunjika pansi pa madzi osaya.

Eni dziko ali ndi kufotokoza kwao. Akuti kale mudziwo unasautsidwa ndi zilombo zochedwa taiga, zonga nyalugwe koma zazikulu ndi zamizeremizere. Anthu anathawira ku Modo pa ciphaka, ndipo m'cipwirikitimo anasiya nkhalamba ina, ambuya Ppong. Iwo anapempha mfumu ya m'nyanja usana ndi usiku kuti aonanenso ndi abale ao. Atalota utawaleza, m'mawa mwake nyanja inatseguka. Abale anabwera akuimba ng'oma, koma ambuyawo anali atafooka, ndipo anamwalira m'manja mwao atakhutira kuti awaona.

Malowa anachuka kunja mu 1975 pamene kazembe wa France, Pierre Landy, anaona njirayo n'kuiyerekeza ndi kugawikana kwa nyanja m'masiku a Mose. Lero kumacitika cikondwerero caka ndi caka, alendo atavala majombo akuyenda pakati pa nyanja. Pagombe pali cifanizo ca ambuya Ppong ndi taiga. Wofunsa bwino adzaona kuti cozizwitsa si ndico mutu wa nthanoyi. Mutu wake ndi manyazi a mudzi umene unathawa n'kusiya nkhalamba.

Cimene moto unalephera

Ku Jeju kuli njira ya apansi yochedwa Olle, imene inayambika mu 2007 ndipo imazungulira cilumba conse pa makilomita oposa 400. Imadutsa m'midzi, m'mbali mwa mipanda ya miyala ndi m'minda ya manachesi, amene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankachedwa mitengo ya yunivesite cifukwa mitengo yocepa inkakwanira kulipirira mwana sukulu. Woyenda m'njirayi amaona pa zipata zakale mitengo itatu yopingasa. Ikakhala yonse pansi, mwini nyumba alipo. Umodzi ukapingasa ali pafupi, iwiri abwera madzulo, itatu wapita kutali. Ndi pa liwiro lotere pamene nthano zimayamba kumveka.

Nkhawa ya eni dziko lero ndi ina. Akacisi anapirira moto wa mu 1702 ndi ciletso ca m'ma 1970 cifukwa anthu amene ankawafuna anali akali ndi moyo womwewo wa m'munda ndi m'nyanja. Tsopano moyowo ndiwo ukutha. Mu 1965 akazi olowa m'nyanja anali oposa 23,000, koma pofika mu 2023 sanafike ndi 3,000 omwe, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Nyanja ikutentha, ndiwo za m'madzi zikucepa, ndipo ana ao apeza nchito m'mahotela ndi m'matauni. Cinenero ca ku Jeju, cimene nthanozi zimaimbidwamo, UNESCO inaciika mu 2010 pa zinenero zimene zili pafupi kutheratu.

Matanthwe a ku Yeongsil sadzacoka, ndipo zikwangwani zidzapakidwa utoto watsopano. Koma cikwangwani sicidziwa tsiku limene mphepo idzatembenuka, kapena cifukwa cimene nkhono yaing'ono iyenera kubwezedwa m'madzi. Zimenezo zili m'mitu ya amai okalamba amene akali kukhala m'timipanda ta miyala m'mbali mwa nyanja, kuotha moto akatuluka m'madzi. Wopita ku Jeju m'zaka zino akhoza kuwapeza, kugula nkhono zao ndi kukhala nao pansi. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera mwa amene anawamva eni ake akali moyo.